Malume anu anali nganganga, musawatche nkhutukumve

Achemwali, mwati mwezi wamawa mukukaika chiliza cha malume anu ndipo banja lakupatsani inu ntchito yowerenga mbiri yawo. Mukufuna mawu ofotokoza munthu amene mpaka tsiku lake lomaliza sanasinthe chipani, sanasinthe mpingo, ndipo miyambo ya makolo sankalola kuti ina idumphidwe. Ndaona ambiri amene ayankha funso lanu akukupatsani "nkhutukumve" ndi "wamakani". Chonde, mawu amenewo musakawatchule pamanda, azakhali anu sadzakukhululukirani.

Nkhutukumve ndi munthu woti makutu ali nawo koma malangizo salowa, uja timamunenera kuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Wamakani amatsutsa kuti apambane mkangano basi, ngakhale mumtima akudziwa kuti mnzakeyo akunena zoona. Waliuma ndi mbale wake. "Wouma khosi" timawamva kwambiri kutchalitchi, ndipo nako ndi chidzudzulo. Onsewa akunena za munthu wokana kumva, pomwe malume anu, monga mwafotokozeramu, anali ndi chinthu chimene anachigwira osachitaya.

Mawu amene ine ndingasankhe ndi nganganga. Timati "ali nganganga pambuyo pa uje", kapena "ali nganganga pa mpingo wawo". Atchuleni mokweza mumve mmene akugundira, ngati chikhomo chimene chakhomeredwa pansi pouma ndipo mukachigwedeza chikukana. Ubwino wake ngwakuti saweruza. Amangokuonetsani munthu ataima, osanena ngati waima pabwino kapena poipa. Mawu enawa ayi, aliyense amaulula mbali imene wolankhulayo ali.

Mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Nthawi ya Kamuzu tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Munthu woyenda ndi khadi lachipani m'thumba, wosajomba pamsonkhano, ndiye ankatchedwa wokhulupirika. A Mboni za Yehova anakana kugula khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Boma linawaletsa mu 1967, anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Kodi mwa awiriwa wokhulupirika anali ndani? Amene anali ndi mphamvu ndi amene ankagawa mayina, wina nkumutcha wokhulupirika, winayo wosamvera. Pa referendamu ya pa 14 June 1993, pamene pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate, mayina aja anatembenuka. Amene anakhalabe ndi tambala wakuda anayamba kunenedwa kuti ndi otsalira, anthu akale osafuna kusintha. Munthu yemweyo, mtima womwewo, koma dzina lina.

Ngati malume anu anali a Kongeresi ndipo anakhalabe momwemo zaka zonse zimene chipanicho chinali kunja kwa boma, kuyambira 1994 mpaka 2020, pamene anzawo ankadumphira kumene kukufuka utsi, mawu akuti wokhulupirika awayenera ndithu. Mungawonjezere kuti sanali nthirakuwiri. Akuluakulu pamwambopo adzagwedeza mitu, chifukwa amadziwa kuti munthu wa nkhope imodzi ngosowa.

Kumbali ya miyambo ndiye kuli msampha wina. Pewani "wachikale", "wachimidzi" ndi "wotsalira". Amenewa ndi mawu a ife a m'tauni tikamanyoza kumene tinachokera, ndipo zimandiwawa kuwamva pakamwa pa ana athu. Mkhalakale ndi mawu aulemu, koma amanena za kukhalitsa ndi kudziwa zambiri, osati kukakamira. Mvula zakale chimodzimodzi, akunena za zaka. Oyenera apa ndi "wosunga mwambo", kapena munene kuti "anali mlonda wa mwambo wa pamtundu pathu".

Ndikamanena izi ndikukumbukira agogo anga aakazi ku Dedza. Alangizi anabwera kangapo ndi mbewu yamakono, ife adzukulu tinawagulira feteleza, koma ndime ya kuseri kwa nyumba inali ya chimanga chamakolo, ndipo pamenepo panalibe kukambirana. Akakolola ankasankha zitsononkho zazikulu, nkuzimanga ndi makoko ake omwe, nkuzipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto mpaka zide ndi mwaye. Ife tinkaseka kuti agogo ndi amakani. Iwo osatiyankha, ankangotenga njere imodzi nkukupatsa kuti uilume. Inali yolimba ngati mwala. Pokonola sichinkanyenyeka, mphale imatuluka yambiri, ndipo anankafumbwe ankayamba athana ndi chamakono chija chisanafike n'komwe Khirisimasi, chawocho chili bwinobwino m'nkhokwe. Lero mbewu imeneyo ili ndi msuweni wanga mmodzi yekha, ndipo tonse timakapempha kwa iye.

Sindikunena kuti aliyense wogwira mwambo ali pa choonadi. Alipo amene akakamira kulowa kufa kapena kukwatitsa ana aang'ono nkumati ndi mwambo, ndipo amenewo ndiye ankhutukumve enieni. Nchifukwa chake mneni amene mungasankhe ali ndi kanthu. "Kukakamira" kumamveka ngati munthu akugwira chinthu chimene anayenera kuchisiya. "Kuumirira" kuli pakati. "Kugwiritsitsa" ndi "kusunga" kumapereka ulemu, chifukwa timasunga chinthu chamtengo, choti ena adzachipeze.

Wina mwa oyankha funso lanu wati mungonena kuti anali "sapota weniweni". Zimenezo nzakubwalo la mpira, kwa uja amene amatsatira Maule kapena Manoma ngakhale timu igonje masabata anayi otsatizana. Pocheza madzulo mutha kutero, koma osati pamaso pa abusa ndi anyakwawa.

Komanso musavutike kwambiri kusaka liwu limodzi. Chichewa chimakoma pofotokoza zimene munthu ankachita kusiyana ndi kumumata dzina. Nditakhala ine ndingawerenge chonchi: "Malume athu anali munthu wa mawu amodzi. Pamene aima ankaima nganganga, kumpingo, kuchipani ndi pa mwambo wa makolo. Sanali bango lopita ndi mphepo." Kenaka mutchulepo chinthu chimodzi chimene aliyense pabanjapo akuchikumbukira, kaya ndi mpando umene ankakhala kutchalitchi Lamulungu lililonse, kaya ndi tsiku lija anabweza akuchimuna chifukwa anabwera opanda ankhoswe.

Musanakawerenge, kawamvetseni kaye azakhali anu. Iwo ndi amene anakhala nawo m'nyumba zaka zonsezo, ndipo mwina ali ndi dzina limene ankawatchula okha.