Mafunso Anu: Fakisi ya pa intaneti ikakana kutumiza kapena kulandira

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya makina aja akuluakulu a mu ofesi omwe amapanga fotokope, kusikana, kupulinta ndinso kutumiza fakisi kudzera pa intaneti. Ndasankhapo anayi. Koma tisanapite patali dziwani kaye kuti fakisi imeneyi siyidutsa mu waya wa telefoni ngati zakale zija zinkalira tswiii. Makinawa amajambula pepala lanu, nkulisandutsa chithunzi cha mtundu wa TIFF, nkuchimata pa imelo, basi nkutumiza. Njirayi bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi kulumikizana pa dziko lonse, lidayikhazikitsa mu 1998, amayitcha T.37. Nde makinawo muziwaona ngati mesenjala wa pa ofesi: akuyenera atuluke kaye pa chitseko, adziwe msewu, kenako ku positi amulole kulowa. Kalata ikapanda kufika timafufuza kuti waima pati, osati kuthamangira kunena kuti makina afa.

FUNSO: Akulu, ine ndine mlembi pa ofesi ina yoona za katundu wodutsa pa malire. Fakisi yathu imayenda bwinobwino koma magetsi atazima tsiku lina, atayakanso basi ikungolemba kuti connection error. Fotokope ikupanga ndithu. Abwana akuti tiitane munthu adzafufute zonse tiyambirenso, nde ndimati ndifunse kaye. — Wowerenga, Limbe

YANKHO: Achemwali, mwachita bwino kufunsa kaye, ndipo chonde abwanawo muwauze mwaulemu kuti zofufuta zonsezo adikire nazo. Factory reset imachotsa ma adilesi onse omwe mwakhala mukusunga mmenemo zaka zonsezi ndi ma settings omwe, pomwe vuto mwina ndi la mphindi khumi.

Yambani kumbuyo kwa makinawo. Pomwe palowa waya wa netiweki paja pamakhala timagetsi tiwiri ting'onoting'ono, kena kobiriwira kena kachikasu, kamodzi kamaphethira. Ngati tonse tazima nde kuti mesenjala uja sanatuluke ngakhale pa chitseko. Zulani wayawo mubwezeretse mpaka umveke kuti tha, ndipo muone ngati kapulasitiki kogwira kaja sikanathyoke chifukwa mawaya ambiri a mu ofesi amangolendewera, munthu akamasesa wangokhudza pang'ono basi watuluka. Yesaninso bowo lina pa rauta kapena pa switch, chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu amatha kupsetsa bowo limodzi ena onse nkumagwira.

Timagetsi tikamayaka, pitani mu menu mupulinte pepala la network configuration, makina ena amalitcha status page. Pamenepo yang'anani IP address, nambala yomwe makinawo amadziwika nayo pa netiweki. Ikakhala yoyamba ndi 192.168 kapena 10 zilibwino pang'ono. Koma mukaona yoyamba ndi 169.254 nde mwalipeza vuto, nambala imeneyo makina amadzipatsa okha akafunsa rauta koma osayankhidwa. Zimachitika kwambiri magetsi akangobwera chifukwa makina amadzuka msanga pomwe rauta ikadali kudzikonzakonza. Mankhwala ake ngosavuta, zimitsani zonse, yatsani rauta yokha, idikireni mpaka intaneti igwire pa foni yanu, kenako muyatse makinawo.

Pena zimakhala zoti amene anayika makinawo anawapatsa IP yokhazikika, nde magetsi atazima foni ya wina yabwera nkutenga nambala yomweyo, awiriwo nkumalimbirana. Kapenanso rauta inasinthidwa koma makina sanauzidwe. Marauta ambiri adilesi yawo imakhala 192.168.1.1 pomwe ambiri a Huawei olowetsa SIM aja amakhala pa 192.168.8.1, nde makina akamafunabe gateway yakale, kutanthauza adilesi ya rauta yakale ija, sangatulutse kanthu ngakhale pang'ono. Onani gateway yomwe kompyuta yanu ikugwiritsa ntchito, ya pa makina ifanane nayo. Pa DNS pakakhala popanda kanthu lembanipo 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, popanda DNS makina sangadziwe kuti dzina la seva ya imelo lija likulozera kuti.

Kuti mutsimikize, pa kompyuta tsegulani browser mulembe IP ya makinawo mmwamba muja. Tsamba la makina likatseguka nde kuti mkati mwa ofesi zonse zikulumikizana, ndipo mmenemo ndi momwe mungasinthire ma settings mosavuta kusiyana ndi kumadinadina ka sikirini kaja.

Chomaliza chomwe anthu ambiri sachiganizira nkomwe ndi tsiku ndi nthawi. Makina okalamba kabatire kosunga nthawi kamatha mphamvu, magetsi akazima tsiku limabwerera mmbuyo zaka zambirimbiri. Seva ya imelo imaonetsa setifiketi yomwe ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, nde makina akamaganiza kuti tili mu 2000 setifiketiyo amayikana. Konzani tsiku, nthawi muyike ya GMT+2, ndipo ngati pali malo a NTP lembanipo pool.ntp.org kuti azikonza okha. Komanso, musanyoze izi, onani ngati bandulo ya pa rauta sinathe, kapena ngati yomwe inagulidwa si ija ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Imeneyo imelo sidutsa.

FUNSO: Ife timagwiritsa ntchito Gmail pa makina athu a pa sukulu. Pasiwedi ndi yolondola chifukwa pa foni ndikulowa nayo, koma makina akuti authentication failed, pena akulemba 535. Ndasintha pasiwedi kangapo koma palibe chikusintha, kodi atibera akaunti? — Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, mtima pansi, sanakubereni. 535 ndi seva ikunena kuti dzina kapena pasiwedi sindikuyilandira, ndipo chifukwa chake nchodziwika. Kuyambira pa 30 May 2022 Google adasiya kulola zipangizo kulowa mu ma akaunti wamba a Gmail ndi pasiwedi yanu ija ya masiku onse, nde ngakhale muisinthe kangati makinawo sangalowe nayo. Chofunika ndi App Password. Lowani mu akauntiyo pa kompyuta, pitani ku Security, yatsani 2-Step Verification kaye chifukwa popanda imeneyo App Password simungayione, kenako pangani imodzi. Adzakupatsani zilembo 16 mmagulu anayi, muzilembe pa makina mosasiya mipata. Ndipo kumbukirani kuti tsiku lomwe mudzasinthe pasiwedi yaikulu ija App Password nayonso imafa, muyenera kupanga ina.

Zina zonse zikhale motere, seva ndi smtp.gmail.com, port 587 ndi STARTTLS kapena 465 ndi SSL, osasakaniza ayi, mukayika 465 koma nkusankha STARTTLS zimangokhala chete mpaka timeout. Pa dzina lembani imelo yonse mpaka gmail.com. Mukapeza pali port 25 isintheni, makampani ambiri a intaneti amayitseka pofuna kuchepetsa spam.

Zikakanikabe zonsezi zili bwino, nde mwina makinawo ndi akale kwambiri moti amangodziwa TLS 1.0 kapena SSL yakale ija, njira zakale zotetezera uthenga, pomwe maseva ambiri masiku ano amafuna TLS 1.2. A Microsoft 365 pa smtp.office365.com ndi choncho, ndipo ma akaunti a Outlook.com ndi Hotmail adasiya kulandira pasiwedi wamba mu September 2024. Apa funsani amene anakugulitsani makina za firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati yomwe imayendetsa makinawo, makampani ngati Canon, Ricoh, Kyocera, Brother ndi Konica Minolta amatulutsa ma update a makina awo ambiri. Firmware musayike nokha nthawi yoti magetsi akukayikitsa, akazima pakati makina amatha osadzukanso, lumikizani ku UPS kapena dikirani jenereta.

Ndikupempheni chinthu china aphunzitsi. Makinawo muwatsegulire akaunti yawoyawo ya sukulu, musayikemo imelo yanu kapena ya ahedi. Ndimadandaula kwambiri ndikaona imelo ya munthu, momwe muli za ku banki ndi za kunyumba, ili mu makina oti aliyense amadina ndipo pasiwedi ya admin ikadali yomwe inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Imeneyonso isintheni lero lomwe.

FUNSO: Makina athu akumalemba kuti OK, ripoti likutuluka bwinobwino, koma anthu omwe tawatumizira makoteshoni akuti sanalandire kanthu. Tataya kale kasitomala mmodzi chifukwa cha zimenezi. Wina tinamutumizira pa nambala yake ya fakisi nayenso akuti ayi. — Wogulitsa zipangizo zomangira, Lilongwe

YANKHO: Pepani bambo, zopweteka zimenezo makamaka poti ndi ndalama. OK uja anthu ambiri amawanamiza. Pa fakisi yakale ya telefoni OK amatanthauza kuti makina a uko alandiradi, koma pa iyi ya imelo nthawi zambiri amangotanthauza kuti seva yanu yavomera kutenga kalatayo, zoti yakafika kapena yabwezedwa kutsogoloko makina sakudziwa. Ikabwezedwa uthenga wake umapita ku bokosi la imelo yomwe munayika pa From, bokosi loti mwina palibe amene analitsegulako chiyikireni makinawo. Litseguleni lero, mukapezamo mauthenga a Mail Delivery Subsystem kapena ofanana nawo, werengani nambala ili mkatimo. 550 kawirikawiri ndi adilesi yolakwika kapena yoti kulibe, kachilembo kamodzi kokha kakaphonyeka pa ka sikirini kaja basi zatha. 552 nde kuti katundu wakula.

Za kukulazi ndiime pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Gmail imalola 25 MB, maseva ena a makampani amalola zochepera apo, komanso chithunzi chikamatidwa pa imelo chimafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nde munthu wasikana masamba makumi atatu pa 600 dpi, mwinanso amitundu, nkumadabwa. Koteshoni ya zilembo ndi manambala 200 dpi yakuda ndi yoyera imawerengeka bwinobwino, ndipo masamba akachuluka agaweni pawiri.

Ngati simunapeze uthenga wobwezedwa, auzeni makasitomalawo ayang'ane mu Spam. Imelo yopanda mutu, yopanda mawu, yongokhala ndi chithunzi chokha imakayikitsa, nde ikani mutu wokhazikika wokhala ndi dzina la bizinesi yanu. Onetsetsaninso kuti adilesi ya pa From ndi yomweyo yomwe makina amalowera nayo pa seva. Mukalowa ndi Gmail koma pa From nkulemba adilesi ya kampani, kapena kuchita mosemphana, maseva olandira amatha kuona ngati wina akunamizira dzina la eni ake.

Uja munamutumizira pa nambala ndi nkhani ina. Fakisi ya imelo imapita ku adilesi ya imelo basi. Kuti ikafike pa nambala ya telefoni makina anu akhale ndi layini ya telefoni yolumikizidwa ndi bodi ya fakisi mkati, apo ayi mulipire kampani yomwe imalandira imelo nkuyiimbira pa nambalayo. Palinso njira ina yotchedwa T.38 yomwe imadutsitsa fakisi pa mafoni a pa intaneti nthawi yomweyo, koma imeneyo imafuna kuti okupatsani layiniyo akhale nayo. Pakadali pano koteshoni yofunika mukatumiza imbani foni mufunse ngati yafika, ndipo ngati makina anu ali ndi MDN kapena DSN yatsani kuti azipempha chitsimikizo, ngakhale si onse olandira omwe amayankha.

FUNSO: Kutumiza tikutumiza koma kulandira ayi. Anzathu akatitumizira ma fomu a odwala pa makina sipakutuluka kanthu. — Namwino, Mangochi

YANKHO: Mayi, kutumiza ndi kulandira ndi makomo awiri osiyana, kutumiza ndi SMTP kulandira ndi POP3, nde china chimatha kugwira china ayi. Lowani kaye mu bokosi la imeloyo pa kompyuta muone ngati ma fomuwo alimo. Ngati alimo vuto lili pakati pa makina ndi bokosilo. Pa Gmail seva ndi pop.gmail.com, port 995 ndi SSL, pasiwedi ndi App Password yomwe ndafotokoza pamwambapa, ndipo mu Settings pa Forwarding and POP/IMAP muone ngati POP ndi yoyatsa. Onaninso POP interval, pa makina ambiri ikakhala 0 sapita okha kukatenga makalata mpaka wina adine batani, ikani mphindi zisanu kapena khumi. Ngati pali kompyuta ina yomwe nayo ikukoka makalata mu bokosi lomwelo ndi POP, imatha kuwatenga makina asanafike.

Chinanso, makina ambiri a mtunduwu amapulinta TIFF yokha ya fakisi. Anzanuwo akatumiza PDF, Word kapena chithunzi cha pa foni, makina amangotulutsa ka pepala ka error kapena kungokhala chete, nde agwirizane nanu zotumiza kuchokera pa makina awo ngati I-Fax, fakisi ya pa intaneti yomweyi, pa A4, apo ayi muzitsegula pa kompyuta nkupulinta.

Ndipo poti ndi mapepala a odwala, ine sindingakonde kuti azingotuluka okha nkukhala pa thireyi pomwe aliyense wodutsa atha kuwerenga dzina la munthu ndi matenda ake. Makina ambiri ali ndi memory lock kapena bokosi la PIN, fakisi imasungidwa mkati mpaka woyenera abwere ayike nambala. Yatsani imeneyo, ndipo makinawo muwasunthire chipinda chomwe chimakiyidwa mukaweruka.