Tisiye medical scheme kapena tilimbe nayo?

FUNSO: Anti, ndine mayi wa ana atatu ku Area 25. Bambo akunyumba ntchito inawathera chaka chatha ndiye medical scheme yomwe kampani inkatithandiza kulipira pano tikulipira tokha, pomwe ndalama ikulowa ndi ya kaunjika wanga basi. Lendi, fizi, mayunitsi a magetsi zonse zikundiyang'ana ine, komanso tikapita kuchipatala amatiuzabe kuti pali shotifolo tiwonjezere. Bambowo ali ndi BP, mwana wachitatu ali ndi mphumu. Tingosiya?

YANKHO: Achemwali, mukanati nonse m'nyumbamo muli bwinobwino ndikanangoti siyani, muziponya kandalamako ku banki mkhonde, mukadwala pitani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central poti zipatala za boma salipiritsa. Koma mwatchula BP ndi mphumu, apa ndiye pandigwira mwendo.

Matenda awiriwa ndi a mankhwala mwezi ndi mwezi, ndipo tonse tikudziwa kuti kuboma nthawi zina dokotala amakuonani bwinobwino koma n'kukulemberani kapepala kuti mukagule ku famase, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mankhwala inathawa poti ambiri amachokera kunja. Tengani kope mulembe ndalama zomwe mukanawononga miyezi 12 yapitayi pa mankhwala a bambo, inhela ya mwana, kuyezetsa magazi ndi zina zotero, muyerekeze ndi zomwe mwalipira ku scheme kuphatikizapo mashotifolo aja. Osawerengera pamtima ayi, mtima umanama ukakwiya.

China chomwe anthu amaiwala, mukatuluka lero n'kudzafuna kubwerera mawa ma scheme ambiri amakudikiritsani miyezi musanayambe kuthandizidwa, makamaka pa matenda omwe mwalowa muli nawo kale, ndiye BP ya bamboyo atha kuiwerengera m'gulu lomwelo. Kafunseni zimenezi ku ofesi kwawo, akupatseni polemba.

Ine nditakhala inu ndingatsike kaye pulani m'malo motuluka. Mwachitsanzo ku bungwe la medical scheme la MASM kuli VIP, Executive ndi Econoplan, ena nawonso ali ndi masitepe awo. Funsaninso ngati malamulo awo amalola kuti mutsale ndi bambo ndi mwana wodwalayo pa khadi, enanu muzidalira boma kapena zipatala za mishoni za CHAM ngati Likuni, zomwe zimalipiritsa inde koma sizifika pa pulayiveti za mtauni. Za shotifolo, musanalandire thandizo muzifunsa kuti scheme ilipira zingati, ndipo funsani ngati pali mankhwala omwewo otchipa, ma generic aja.

Chokhacho ndikukanizeni ndi kutenga katapila kuti mulipire scheme. Zikafika pamenepo siyani ndithu, mukalembetse bambo ku kiliniki ya BP kuboma sabata yomweyo mankhwala asanawathere.