Agogo, bangwe ndi bambo wa ku Bezhetsk

Achimwene ena andilembera imelo. Akufuna kuyambitsa gulu loimba ndi bangwe ndi kaligo, koma anzawo akuwaseka, ati angogula kiyibodi. Akufunsa ngati apitirize. Ndawerenga kawiri, mtima wandipweteka.

Agogo anga aamuna ankaimba bangwe. Madzulo ankakhala pakhonde, zala zili pansambo, maso atatsinzina, ife tikukazinga chimanga. Nditapita kusekondale ndinayamba kuchita nazo manyazi, mtima unali pagitala. Tsiku lina anandiitana kuti andiphunzitse, ndinati ndili ndi homuweki. Atamwalira tinapachika choimbiracho kudenga lakukhitchini, mwaye ndi chiswe zinachimaliza. Mpaka lero sindidzikhululukira.

N'chifukwa chake nkhani ya Vasily Andreyev siichoka m'mutu mwanga. Anabadwira ku Bezhetsk ku Russia mu 1861, m'banja lopeza bwino, ndipo anaphunzira vayolini. Mu 1883 anamva Antip, wantchito wakumunda, akuimba balalaika, choimbira cha makona atatu ndi nsambo zitatu chimene apamwamba ankati n'cha akumudzi. Iye sanaseke. Anaphunzira, kenako anapita kwa amisiri kuti achikonze, chilire bwino, ndipo anapangitsa zazing'ono, zapakati, mpaka chachikulu chimene ngodya yake imatsamira pansi. Mmodzi mwa amisiriwo anali kalipentala, Semyon Nalimov. Kalipentala, achimwene!

Mu 1888 kagulu kake kanaimba koyamba ku St Petersburg, chaka chotsatira anali ku Paris. Mu 1896 anawonjezera zoimbira zina za nsambo zotchedwa domra ndi gusli, gulu n'kukula, pambuyo pake n'kukaimba ku Britain ndi ku America. Ankapekanso nyimbo zake. Anamwalira mu 1918, koma gululo likadalipo, likudziwika ndi dzina lake.

Ena amati anaiwononga balalaika poiveka suti ndi kuichotsa kumudzi. Ine ndikukana. Chimene chimawononga choimbira ndi denga lakukhitchini, ndinaona ndi maso angawa. Ndipo ondiuza kuti zamakolo zisakhudzidwe, ambiri sanagwirepo nsambo.

Nanga mutani?

Pitirizani, achimwene. Pezani agogo amene akuimbabe, mukhale nawo pansi sabata ino. Kenako mupeze kalipentala woleza mtima akupangireni zoimbira zosiyana kukula, muzichune kuti zigwirizane. Anthu anayi akukwanira poyambira. Mukajambula nyimbo yoyamba munditumizire, ndikufuna ndikawamvetse amayi anga.