Sikirini yathu yatsopano yatuwa ngati phulusa

Funso: Ndimayendetsa makina odzaza mabotolo pafakitale. Mwezi watha anatiikira pulogalamu yatsopano ya HMI, sikirini ija timayang'anirapo makina. Yakale inali ndi mapampu obiriwira ndi ofiira, yatsopanoyi ndi yotuwa ngati phulusa. Kodi atigulira yotchipa? — Woyendetsa makina

Yankho: Ayi ndithu, kutuwako n'kwadala. Muyezo wa ISA-101, wotsogolera kapangidwe ka masikirini a HMI, womwe unatuluka mu 2015, umalimbikitsa kuti mitundu yowala isungidwire mavuto okha. Pampu iliyonse yozima ikamaoneka yofiira, diso limazolowera, ndiye tsiku limene kufiirako kukutanthauza ngozi simuchewuka n'komwe.

Ma alamu nawonso ndi chimodzimodzi. Mu 1994, fakitale yoyenga mafuta ya ku Milford Haven, ku Britain, isanaphulike, ogwira ntchito awiri analandira ma alamu 275 m'mphindi 11 zomaliza. Ndani angawerenge zonsezo? N'chifukwa chake mapulogalamu atsopano amasanja ma alamu potengera kuopsa kwake, ndipo amalola kuika pambali kwakanthawi alamu yongolira chabe.

Yang'ananinso pafupi ndi nambala ya kutentha. Mwina pali kamzere koonetsa mmene yakhala ikuyendera. Ine kamzereko ndimakakonda kuposa zonse, chifukwa 80 yokwera ndi 80 yotsika si zofanana.

Mapulogalamu a HMI monga WinCC Unified ndi Ignition Perspective amatsegukanso pa tabuleti kudzera pa browser. Zabwino, komatu pasiwedi yanu musabwereke mnzanu wa shifiti ya usiku: zonse zimene angasinthe zidzalembedwa m'dzina lanu.