Kwa amayi ofunsa za zitseko za galimoto zamagetsi za Uber

Amayi, mwafunsa ngati mupitirize kukwera galimoto zamagetsi za Uber (matakisi oitanitsa pafoni) kuno ku London pamodzi ndi ana anu awiri, popeza mwamva kuti zitseko zake zimatha kukana kutseguka pachitika ngozi. Malangizo anga ndi akuti pitirizani kukwera, koma muzidziwa potulukira galimoto isananyamuke, chifukwa nkhawa yanuyo si yopanda pake.

Vutoli silili pa galimoto zonse zamagetsi. Nissan Leaf ndi Kia Niro m'kati mwake zili ndi zogwirira wamba, zongokoka monga tinazolowera. Zofunika kuchenjera nazo ndi monga Tesla Model 3 ndi Model Y, zomwe munthu ali m'kati amatsegula chitseko podina batani. Batanilo silidalira batire lalikulu loyendetsa galimoto, koma laling'ono lija loyatsa nyali ndi zina zotero, ndipo batire limeneli kapena mawaya ake zikaonongeka pa ngozi, mungadine kangapo konse chitseko osasuntha. Mu Okutobala 2024 anthu anayi anafera mu Model Y yomwe inayaka moto itachita ngozi ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo mayi mmodzi anapulumuka chifukwa munthu wodutsa anaswa galasi ndi chitsulo.

Zitseko zakutsogolo zili ndi kogwirira kosadalira magetsi, kamene kali kutsogolo kwa mabatani otsitsira magalasi, ndipo mumangokakokera m'mwamba. Kumbuyo, komwe inu ndi ana mumakhala, ndiko kuli nkhani. Mu Model Y muyenera kupisa dzanja m'kathumba ka m'munsi mwa chitseko, muja timaikamo botolo la madzi, kuchotsa kalabala koyalidwa pansi pake, kutsegula kachivundikiro, kenaka kukoka kachingwe kali m'katimo. Tangoganizani kuchita zimenezi usiku, utsi uli tolo, mwana akulira pambali panu! Buku la malangizo la Tesla limavomereza lokha kuti si Model Y zonse zili ndi kachingweka, ndipo Model 3 zakale, zopangidwa asanaikonzenso mu 2023, zilibiretu kumbuyo. Ine zimandipweteka mtima kuti chinthu chopulumutsa moyo anachibisa chotere, ndipo ndikuona kuti dziko la China lachita bwino kulamula kuti kuyambira mu 2027 galimoto zatsopano zizikhala ndi zogwirira zotseguka ngakhale magetsi atafa.

Tsono mukaitanitsa galimoto, yang'anani mtundu wake pafoni isanafike. Ikakhala ya batani, pemphani dalaivala mwaulemu kuti akuonetseni potsegulira pangozi, ndipo mufunsenso ngati watchera loko yoletsa ana kutsegula zitseko zakumbuyo. Musachite manyazi, pakuti madalaivala ena sadziwa n'komwe, ndipo funso lanu likhoza kuwathandiza iwonso. Akanena kuti kumbuyo kulibe kachingwe, dziwiranitu kuti njira yanu ndi yodutsa pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, ndipo mwana wamkuluyo mumuuze zimenezi mofatsa, osamuopseza. Kogwirira kakutsogolo kaja musamakagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa galasi la Tesla limayenera kutsika pang'ono chitseko chisanatseguke, apo ayi mungaononge m'mphepete mwake.

Kanyundo koswera galasi n'kabwino kukhala nako m'chikwama, koma kamagwira ntchito pa galasi lolembedwa Tempered pakona pake, limene limanyenyeka mukamenya chakumphepete. Lolembedwa Laminated lili ndi pulasitiki pakati, moti limangong'aluka osagwa, choncho musataye nalo nthawi, pitani pa galasi lina.

Mukatuluka, tengani ana mupite patali ndithu musanaimbe 999, nambala yoitanira thandizo pangozi, ndipo musabwerere kukatenga chikwama, chifukwa batire lalikulu likayamba kutentha limatulutsa utsi wapoizoni, ndiponso limatha kuyakanso moto utaoneka ngati wazima.