Mafunso Anu: Kukoma kwa Khofi Kumachokera ku Mtundu Kapena ku Munda?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za khofi. Tasankha asanu ndi imodzi, ndipo akuyankha ndi alangizi athu a zaulimi.

FUNSO: Khofi wa Robusta amawawa kwambiri kuposa Arabica. Kodi ndikamuthira manyowa ambiri ndi kumuthirira bwino, kuwawako kungathe? — Bambo wolima khofi

YANKHO: Ayi bambo, sikungathe, chifukwa n'kwachibadwa. Tiyerekeze kuti mwatenga magalamu 100 a njere zouma zosakazinga. Mu Arabica mupezamo kafeini pafupifupi galamu 1.2, pamene mu Robusta amafika magalamu 2 kapena kuposa. Mulinso gulu la asidi lotchedwa chlorogenic acid: Arabica amakhala ndi magalamu 5.5 mpaka 8, Robusta 7 mpaka 10. Asidi ameneyu akakumana ndi moto amasweka n'kutulutsa tizinthu towawa, ndipo kuwawa kwambiri kwa khofi kumachokera pamenepa, osati ku kafeini yekha monga ambiri amaganizira. N'chifukwa chake khofi wochotsedwa kafeini amawawabe.

Pa shuga ndi mafuta zinthu zimatembenuka. Arabica amakhala ndi shuga magalamu 6 mpaka 9 ndi mafuta 15 mpaka 17, pamene Robusta shuga wake ndi wochepa ndipo mafuta ndi pafupifupi magalamu 10 okha. Mafutawo ndi amene amagwira fungo ndi kupangitsa khofi kumveka wofewa pakamwa. Shugayo safika m'kapu momwe analili. Pafupifupi yense amapsa pokazinga, n'kusanduka mtundu woderawo, kafungo kabwino ndi timaasidi tina.

Mitengo iwiriyi ndi yosiyana kuyambira mkati. Robusta ali ndi makromozomu (tinthu tonyamula chibadwa cha chamoyo) 22, Arabica 44, chifukwa Arabica anabadwa kalekale pamene Robusta anakwatirana ndi khofi wina wam'tchire wotchedwa Coffea eugenioides. Kafeini ndi chlorogenic acid zimathandiza mtengo kudziteteza ku tizilombo, choncho musazione ngati chilema cha Robusta wanu. Chimene chisamaliro chingachite ndi kuchotsa kuwawa kowonjezera kobwera ndi zipatso zosapsa ndi kuyanika kolakwika, ndipo kusiyana kwake kumamveka ndithu.

FUNSO: Ogula amanena kuti khofi wa m'mapiri ndiye wabwino. Kodi phirilo limachita chiyani m'njere? — Mayi wogulitsa khofi wokazinga

YANKHO: Mayi, phiri palokha silithira kanthu m'njere. Chimene chikugwira ntchito ndi kuzizira. Mukakwera mamita 100 aliwonse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6, ndiye munda umene uli pa mamita 1,600 umazizirako ndi madigiri ngati 3.6 kuposa wa pa mamita 1,000. Arabica amakonda malo amene kutentha kwa chaka chonse kumakhala pakati pa madigiri 18 ndi 22. Kukazizirako, chipatso chimachedwa kupsa: m'malo mwa miyezi 6 kapena 7 chichitireni maluwa, chimatenga 8 kapena 9. M'masabata owonjezerawo njere imapitiriza kudzaza, imalimba ndi kulemera, ndipo kuwawasa kwake kumakhala kosalala, konga kwa chipatso. Usiku wozizira ndi wofunika kwambiri, chifukwa mtengo umapuma pang'onopang'ono ndipo sumwaza chakudya chimene masamba apanga masana.

Kukatentha kupitirira muyeso, khungu la chipatso limafiira msanga njere isanakhwime. Maso amaona chipatso chakupsa, koma m'kapu mumamveka udzuudzu ndi kuuma kukhosi.

Apa m'pamene mthunzi umathandizira. Mitengo ya mthunzi imachepetsa kutentha kwa masana, imachedwetsa kupsa ndi masabata angapo, ndipo khofi amabereka zipatso zochepako koma za njere zikuluzikulu. Kumalo otentha mthunzi umachita mbali ina ya ntchito imene phiri likanachita. Kumalo ozizira kale, mthunzi wothithikana umangochepetsa maluwa ndi kusunga chinyezi chimene matenda amakonda, ndiye muzithenera mitengoyo kuti dzuwa lizilowa mwa madonthomadontho.

Chenjezo limodzi: nambala ya mamita yolembedwa pathumba siinena zonse. Malo a kutali ndi equator (mzere wogawa dziko lapansi pakati) amazizira ngakhale ali otsika, moti ku Hawaii ndi kum'mwera kwa Brazil amalima Arabica m'minda yotsika kuposa ya ku Kenya kapena Colombia. Komanso kafeini sasintha kwambiri ndi kukwera kwa malo. Ameneyo amatsatira mtundu.

FUNSO: Ngati zonse ndi Arabica, n'chifukwa chiyani mitundu ina imatamandidwa pamene Catimor amanyozedwa? — Wophunzira zaulimi

YANKHO: M'banja la Arabica muli kusiyana, ngakhale si kwakukulu ngati kwa Arabica ndi Robusta. Chitsanzo chooneka bwino ndi Laurina, wa ku chilumba cha Réunion, amene kafeini wake ndi pafupifupi theka la Arabica wamba. SL28, amene anasankhidwa ku Kenya m'zaka za m'ma 1930, amadziwika ndi kuwawasa kwa zipatso. Geisha anachokera ku Ethiopia, anakhala zaka zambiri osalabadiridwa, mpaka mu 2004 pamene fungo lake la maluwa linamutchukitsa pa mpikisano ku Panama. Koma taonani: Geisha ameneyo anali wolimidwa pamalo okwera ndi ozizira. Kumalo otentha fungo lija limachepa kwambiri.

Catimor anapangidwa pokwatitsa Caturra, mtundu wina wa Arabica, ndi Timor Hybrid, mtengo umene unabadwa wokha pachilumba cha Timor kuchokera kwa Arabica ndi Robusta. Ku Robusta anatengako mphamvu yolimbana ndi chiwawu cha masamba, matenda amene amaoneka ngati ufa wachikasu kunsi kwa tsamba. Mitundu ina ya Catimor imakoma mosakhutiritsa, zimenezo n'zoona. Komabe ife tikuona kuti mbiri yoipayi mbali yaikulu imachokera ku kasamalidwe. Catimor amabereka msanga ndiponso mopitirira, amabzalidwa kawirikawiri kumalo otsika, ndipo akasowa chakudya njere zake sizidzaza. Funso lotsatirali likufotokoza zimenezo.

FUNSO: Chaka chino mitengo inabereka mpaka nthambi kuwerama, koma njere n'zazing'ono, zambiri zikuyandama m'madzi, ndipo nthambi zina zayamba kuuma kunsonga. Chalakwika n'chiyani? — Agogo osamalira munda wa khofi

YANKHO: Pepani agogo, mitengo yanu yasenza katundu woposa mphamvu zake. Shuga yense wa m'njere amapangidwa ndi masamba. Chipatso chimodzi chimafuna gawo la tsamba la pafupifupi masentimita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali kuti chidye mokwanira, kutanthauza kuti tsamba limodzi lalikulu limadyetsa zipatso ziwiri kapena zitatu basi. Khofi wa Arabica sagwetsa zipatso zambiri mwa iye yekha zikachuluka. Amazisunga, n'kuyamba kukoka chakudya m'masamba, m'nthambi ndi m'mizu momwe. Masamba amachita chikasu n'kuyoyoka, nsonga zimada n'kuuma, zipatso zimafiira mokakamizika, ndipo chaka chamawa mtengo umabereka pang'ono kwambiri.

Kumbukiraninso mmene mvula inagwera, pakuti chipatso chili ndi nyengo ziwiri zoopsa. Maluwa akayoyoka, kachipatso kamakhala ngati mutu wa phini kwa masabata 6 mpaka 8. Kenako kamafufuma mofulumira mpaka cha m'sabata la 16 kapena 17, ndipo m'nthawi imeneyi m'pamene chikhokhombe cha mkati, chimene njere imakhalamo, chimakula n'kuuma. Madzi akasowa apa, chikhokhombecho chimalimba chili chaching'ono, ndipo ngakhale mvula ibwere yochuluka pambuyo pake, njere singakule kuposa nyumba yake. Nyengo yachiwiri ndi ya kudzaza. Madzi kapena chakudya chikasowa pamenepo, chikhokhombe chimakhala chachikulu koma mkati muli mphwepwa, ndipo zimenezo ndi zoyandama mukuzionazo.

Mukatha kukolola, dulani nthambi zonse zouma mpaka pamene pali pabiriwiri. Phimbirani pansi ndi udzu wouma wochindikala masentimita 10, koma usakhudze tsinde. Feteleza musathire kamodzi. Mugawe katatu kapena kanayi m'nyengo ya mvula, mozungulira pamene nthambi zathera. Chaka chamawa mukaona mfundo zadzaza mopitirira pamtengo wa masamba ochepa, pululani zipatso zina zikadali zazing'ono. Zimapweteka mtima kutaya chipatso ndi dzanja lanu, koma zotsalazo zidzalemera ndipo mtengo udzakhala moyo. Pa mitengo yaing'ono imene ikubereka koyamba, musazengereze n'komwe.

FUNSO: Kodi feteleza amawonjezera kafeini? — Wowerenga wina

YANKHO: Pang'ono chabe. Kafeini ali ndi nayitrojeni m'kapangidwe kake, choncho nayitrojeni wochuluka angamukwezeko, koma sangasandutse Arabica kukhala Robusta. Chimene zipatso zimatapa kwambiri m'nthaka ndi potaziyamu, ndipo wambiri amatsalira m'makoko. Woletsani makokowo kukhala kompositi n'kuwabwezera m'munda. Nthaka ikhale ya pH (muyeso wa asidi m'nthaka) 5.5 mpaka 6.5. Mukathira laimu wopitirira, mtengo umalephera kuyamwa ayironi, masamba anthete amayezuka, ndipo njere zina zimatuluka zachikasu ndi zosakoma.

FUNSO: Ndikakazinga, njere zina zimakhala zotuwa pamene zinzake zadera bwino. Nthawi zina ndikapera pamatuluka fungo la mbatatesi yaiwisi. Kodi vuto ndi moto wanga? — Mayi wokazinga khofi

YANKHO: Moto wanu ulibe mlandu, mayi. Njere zotuwazo zinathyoledwa zosapsa. Kudera kwa khofi kumachitika shuga akamapsa ndiponso akamalumikizana ndi timagawo ta mapuloteni. Njere yosakhwima ilibe zokwanira, ndiye ngakhale muionjezere moto siidera ngati zinzake. Mukaitafuna imamveka ngati pepala, ndipo zochepa chabe zimazimitsa kukoma kwa kapu yonse. Zitoleni ndi dzanja mukangotsanula khofi kuti azizire. Amene mumagulako muwapemphe kuti azithyola zofiira zokha, kubwereza m'munda masiku 7 mpaka 14 aliwonse, ndi kuviika zipatso m'madzi n'kuchotsa zoyandama asanasende.

Fungo la mbatatesi lili ndi gwero lina. Limadziwika kwambiri m'khofi wa ku Rwanda ndi Burundi, ndipo limayenderana ndi kachilombo kotchedwa antestia kamene kamaboola chipatso chikadali chobiriwira. M'njere yokhudzidwayo mumapangika mankhwala a m'gulu la pyrazine, amene mphuno imawamva ngakhale ali ochepetsetsa. Njere imodzi ndi yokwanira kuwononga zonse zimene mwapera nayo. Muzipera pang'onopang'ono, mukununkhiza. Fungolo likamveka, tayani gawo limenelo ndi kupukuta chopereracho musanapitirize. Kumunda, kuthenera kuti mtengo ulowe mphepo ndi kuwala kumachepetsa malo obisalamo kachilomboko.

Funsaninso mmene khofiyo anayanikidwira. Woyanika ndi makoko ake amasunga timashuga ta glucose ndi fructose tambiri kuposa wosendedwa n'kutsukidwa, ndipo amadera msangako pamoto, choncho musawakazinge pamodzi. Chinyezi chikhale pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Njere youma bwino imalimba ndithu mukailuma, pamene yonyowa imalowa dzino ngati labala. Yotereyo musaisunge m'thumba, chifukwa imachita nkhungu, ndipo nkhungu zina zimasiya poizoni wotchedwa ochratoxin A amene kukazinga sikumuthetsa yense.