Alamu, kamba wa mwanayo musamuike m'bokosi lagalasi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko. Uthenga wanu pagulupu ndauona, woti mwana wapatsidwa kamba ndipo mukufuna ndimukhomere kabokosi ka matabwa, kagalasi kutsogolo, koti kazikhala pabalaza. Manja ali ndi guluu, ndiye ndingolankhula, mumvetsere mpaka kumapeto.

Bokosilo kukhoma kwake sikovuta ayi, koma kambayo adzadwaliramo. Kamba amafuna dzuwa lenileni pamsana. M'dzuwa muli kuwala kotchedwa UVB, ndiko kumathandiza thupi lake kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya salowa m'mafupa. Galasi limatchinga kuwala kumeneku ngakhale bokosilo mutaliika pawindo penipeni. Pakapita miyezi mudzangoona chigoba chayamba kufewa, miyendo yakumbuyo akuchita kukoka. Anzathu a kumaiko ozizira amagula mababu apadera chifukwa dzuwa kwawo ndi losowa. Ife kuno ku Lusaka tili nalo laulere, ndiye tivutikirenji ndi babu, magetsi akewo ongopitapita?

Choncho khola likhale panja, pa dothi, kuseri kwa nyumba kuja. Musankhe pokwera, posadikha madzi mvula ikagwa, pofika dzuwa lam'mawa koma masana pali mthunzi. Kukula kwake kusachepere mamita 2 uku, mamita 3 uku. Mukuona ngati ndawonjeza chifukwa pano akukwana m'manja, koma ngati ali wa mawanga ngati a kambuku uja, amakula kufika masentimita 40 m'litali, ndipo zaka 50 amapitirira. Mwanayo adzakwatira kambayo alipo.

Tsopano za matabwa, apa ndiye mundimvetse bwino. Mpanda ukhale wa matabwa ogundana, opanda mpata woonera kunja, msinkhu masentimita 50. Waya wa nkhuku m'mbali ayi. Kamba akaona kunja sadziwa kuti pali chotchinga, amangokankha tsiku lonse mpaka mphuno kusupuka, ndiponso wayayo amakwera ndi zikhadabo zake. Anthu amamuyesa wofooka, koma pakona amadziwa kuponda uku ndi uku n'kutulukira pamwamba, kapena kugwa chagada, ndipo akagwa chagada padzuwa la Okutobala palibe womutembenuza, amafa. N'chifukwa chake pakona iliyonse ndidzakhoma kathabwa kopingasa pamwamba. Pansi tidzakwirira mzere wa mabuloko, matabwa n'kukhala pamwamba pake. Zimathandiza pawiri: sangakumbe n'kutulukira pansi, komanso thabwa silikhudza dothi, chiswe chimachedwa kulipeza.

Ku msika wa Buseko mukapeza paini wambiri, ndiye wotchipa, koma chiswe chimamukonda ndipo akakhala wamuwisi amanunkha utomoni. Mukatenga paini, akhale wouma, ndipo muziyembekeza kusintha thabwa apa ndi apo. Mukwa ndiye weniweni, chiswe sichiulowa wamba, mvula saiopa, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Ine ndingati tifunse zidutswa zotsala kwa anzanga okhoma mipando ku Kalingalinga, poti mpanda wamfupi chonchi sulira matabwa aatali. Nsanamira za m'makona, bulugamu akwana. Chipboard, ija ya zinyenyeswa za matabwa zomatidwa ndi guluu, musayese n'komwe, mvula yoyamba ya Novembala idzafufuma n'kuyoyoka. Mukapeza mapaleti, muyang'ane chidindo pambali: olembedwa HT anaumitsidwa ndi moto, ali bwino, koma olembedwa MB anafukizidwa mankhwala, amenewo asiyeni.

China, ndikudziwa wina akuuzani kuti mupake oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chithawe. Pa khola ili ayi. Kamba amayenda modzikhula kumpanda, amanyambita, amadya udzu womera m'mphepete momwemo. Penti ngati mukufuna kukongoletsa, tipake kunja kokha, yosungunula ndi madzi, ndipo asalowe mpaka fungo litatheratu. Misomali yonse nsonga zake ndidzapinda, mkati musatsale chobaya.

Mkati tidzamuikira kanyumba kogona, pansi pake pathabwa lokwezedwa ndi njerwa, kakhomo kongokwana iye. Denga lisakhale lata lokha, limatentha kwambiri. Tiike thabwa, pamwamba udzu wofolera. Juni ndi Julaye usiku kuno kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10, ndiye muzimuunjikira udzu wouma wambiri azilowa pansi pake. Utuchi wa paini musamuyalire, umamuvuta kupuma. Nthawi yozizirayo akachepetsa kudya musadabwe. Madzi muike m'mbale yosaya, yokwiriridwa kulingana ndi dothi, yoti alowe n'kutuluka yekha, madzi osafika kumphuno.

Poti akadali wamng'ono, pamwamba ndiye pofunika waya, chivundikiro cha mahinjesi chotseka ndi loko. Makoswe amamudya miyendo usiku, akhwangwala amanyamula, ndipo galu wanu uja chigoba angachitafune ngati fupa. Linthumbu likalowa pabwalo nthawi ya mvula, mumuchotse msanga.

Za chakudya ndikufuna chithunzi kaye, chapamwamba ndi chakumbali. Akakhala wa mawanga uja, chake ndi udzu: mudzale kapinga m'kholamo, muwonjezere chisoso, masamba a maungu, masamba a mabulosi, ndi ufa pang'ono wa zigoba za mazira owiritsa. Nsima, buledi, mkaka, chakudya cha galu, ayi. Koma pali mtundu wina umene chigoba chake chimapindika chakumbuyo n'kutseka miyendo. Ameneyo amadyanso nkhono, bowa ndi abongololo, ndipo amafuna khola la mthunzi wambiri ndi masamba onyowa pansi. Ndiye kamangidwe kasintha pang'ono.

Pali nkhani ina yomwe sindingaidumphe, alamu. Kambayo anachokera kuti? Ngati anatoledwa kutchire kapena kugulidwa kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, dziwani kuti lamulo la nyama zakutchire la 2015 limafuna chilolezo kuti munthu asunge nyama yotere pakhomo. Oyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, likulu lawo lili ku Chilanga. Mukafunse tisanagule thabwa ndi limodzi lomwe. Akakana, mwanayo mupite naye ku Kalimba akaone akamba, njoka ndi ng'ona kumeneko, mtima udzatsika.

Pakali pano chonde wina asaboole chigoba kuti amange chingwe, lija ndi fupa lamoyo, amamva kuwawa. Ndipo mwana akamugwira azisamba m'manja ndi sopo asanadye, akamba amanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba.

Tumizani chithunzicho, ndipo muuze achimwene ayeze malo aja kuseri ndi tepi, andiuze. Loweruka ndikaweruka ndidutsa ndidzaone ndekha pomwe madzi amayenda. Mupereke moni kwa ana.